Ndinakanena Maliro ku Sitolo ya pa Intaneti

Linali Lachiwiri, sabata yachitatu chiikireni amuna anga m'manda, nthawi itangokwana teni koloko m'mawa. Ndinali nditakhala pabenchi m'kashopu ka ba Grace, mayi amene amataipa makalata pafupi ndi msika kwathu ku Kanyama. Ndinawauza kuti, "Alembereni a sitolo ija ya mabuku, muwauze kuti mwini akaunti wamwalira." Ba Grace analemba m'Chingerezi, anandimasulira, ine ndinavomera, iwo n'kutumiza. Pofika Lachisanu buku langa linali litachotsedwa m'sitolomo, ndipo panalibenso malo amene ndikanapita n'kukaligwira ndi manja.

Inu anzanga amene mukulemba mabuku, sindinaime pano chifukwa cha maphunziro. Sukulu ndinalekezera giredi faifi. Dzina langa ndine Esinati, ndinabadwira ku Kanyama komweko, ngakhale agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito. Ndamva ena mwa inu mukunena kuti buku lanu lili pa intaneti, ndiye mtima uli m'malo. Inenso ndinkatero. Mundimvere mpaka ndimalize.

Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali yosamala odwala m'makomo. Munthu akatulutsidwa m'chipatala osatha kudzuka, abale ake ankabwera kudzanditenga. Ndinkawaonetsa kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda kumsana, kumusambitsa ali pamphasa, kuyala pulasitiki pansi pa chitenje, kumumwetsa phala ndi kasupuni osamutsamwitsa. Amuna anga, aPhiri, anali kalaliki pa nyumba ina yosungira katundu ku Industrial. Iwo ndi amene anati zimenezi zilembedwe. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ine ndinkayankhula, iwo ankalemba m'makope a ana asukulu, kenako n'kutaipa pa kakompyuta kawo kakale. Tinafika mitu isanu ndi inayi.

Kenako aPhiri anadwala impso. Zimene ndinkaphunzitsa ena ndinayamba kuchita m'nyumba mwanga. Ali chigonere choncho analemba okha mutu wakhumi, wonena zimene wodwala amafuna kuuza omusamala koma amachita manyazi. Anandiuza kuti, "Umenewu usawerenge ndili moyo, ndingasowe poyang'ana." Ndinamvera. Ndiponso ine kuwerenga kwanga n'kwa pang'onopang'ono, ndinati nthawi idzakhalapo.

Bukulo analiika m'sitolo ina yaikulu yakunja, ya pa intaneti. Sitolo imeneyi sisunga mabuku pashelefu. Munthu akagula ndi pamene amasindikiza limodzi n'kumutumizira, apo ayi amawerengera pa foni. Anatiuza kuti tikalonjeza kusagulitsa kwina adzalionetsa kwa anthu ambiri, aPhiri n'kuvomera. Pachikuto panali dzina langa, koma akaunti inali ya aPhiri, nambala ya foni yawo, imelo yawo, chifukwa ine ndinalibe zimenezo. Ogula ambiri anali anthu akwathu okhala kunja, amene ankatumizira abale osamala makolo kuno. Ife tinalandira limodzi lokha, lobwera m'chikwama cha munthu wa mpingo wathu, chifukwa kutumiza papositi kunkadula kuposa bukulo.

Mvula ya chaka chimenecho madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. A ku Kanyama mukudziwa. Tinanyamula wodwala, tinanyamula ufa, makope aja tinaiwala pansi pa bedi. Tinawapeza atasanduka phala. Ine ndinalira, aPhiri anaseka. "Usadandaule iwe. Buku lili kumwamba. Kumeneko kulibe madzi, kulibe chiswe."

Anamwalira nyengo yozizira. Tsiku loika maliro, asanatseke bokosi, ndinatenga buku lija, limodzi lokhalo, n'kuliika pachifuwa pawo. Palibe anandiuza kutero. Ndinaona kuti n'koyenera apite ndi ntchito ya manja awo, ndipo mumtima ndinati ndidzaitanitsa lina, si lili m'sitolo?

M'mawa mwake abale anakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Sananditengere nyumba kapena mapoto, zimenezo ndinene zoona. Anagawana zovala, nsapato, wotchi. Foni inapita kwa mng'ono wawo, alamu anga a Lackson, amenenso anasankhidwa kuyang'anira za malemu. Kompyuta inapita kwa mlongo wawo ku Chaisa. Ine ndinali pamphasa, mutu woweramitsa, monga achitira mkazi wamasiye.

Tsono kwathu munthu akamwalira, umayenda kukanena maliro kulikonse kumene ankadziwika. Kuntchito, kumpingo, kwa atcheyamani a dera, ngakhale kwa wometa tsitsi. Kusiya wina osamuuza n'chipongwe. Nditamaliza onsewo ndinakumbukira a sitolo aja. Ndinati anthu amenewa agwira ntchito ndi amuna anga, asadzamve kwa ena. Ndi chimene chinanditengera kwa ba Grace Lachiwiri lija. Ndinkaganiza kuti ndikupereka ulemu.

Yankho lawo linali ndi mzere umodzi wa chipepeso. Mizere yotsatira inati akaunti yatsekedwa ndipo buku laimitsidwa mpaka alandire pepala la imfa, pepala la kukhoti la woyang'anira chuma, ndi nambala yachinsinsi imene atumize pa foni ya mwini akaunti. Ba Grace anawalembera kuti wolemba bukulo ali moyo, ali pompano pabenchi. Anayankha kuti iwo amadziwa mwini akaunti yekha.

Ndinapita kwa a Lackson. Amayendetsa malole, ndiye kuwapeza panyumba kunanditengera milungu iwiri.

"Mulamu, imwe mufuna chani kansi?" anatero. "Nyumba takusiyilani, mapoto takusiyilani. Manje mwayamba va mabuku. Kapena muli ndalama mwamene umo zamene simunatiuze?"

Ndinati sindikufuna ndalama, ndikufuna foni ilandire nambala basi.

"Ija simu ninataya kudala. Ninafakamo yanga."

Ndinakwera basi kupita ku Chaisa. Mlamu wanga wamkazi anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, n'kundionetsa kompyuta ija ili patebulo yofundidwa kansalu koluka. "Inali kuchedwa maningi, mulamu. Tinapeleka kuli bamene bakonza, banachotsamo vonse. Manje isebenza bwino, tipenyelapo mafilimu."

Ndinamwa tiyi uja mpaka kumaliza, n'kutsazika.

Makope anawola, kompyuta yafufutidwa, simu yatayidwa, buku lili m'manda. Malo amodzi otsala anali sitolo ija, ndipo inalibe khomo loti ndikagogode. Kalata iliyonse inkayankhidwa ndi dzina lina, mawu omwewo. Ndinapempha kuti angondipatsa mutu wakhumi wokha ndiwerenge. Anati sangapereke za mu akaunti kwa munthu wachilendo. Ndinapempha dzina la wogula mmodzi yekha. Anati ogula ndi awo.

Apa ndinene mosabisa. Ndinayamba kumwa kachasu. Mayi wina kuseri kwathu amatcheza, ndipo ndinkatumiza botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi kuti anthu aziti ndi madzi. Poyamba ndinkamwa kuti nditope ndigone. Pasanathe miyezi iwiri ndinkamwa ndisanasese pakhomo. Ndinali ndidakali m'zovala zakuda za umasiye, ndikununkha mowa m'zovala zomwezo. Kugulu la amayi a mpingo ndinaleka. Anthu akandifunsa za buku ndinkanama kuti akulikonza, libwera mwezi wamawa. Tsiku lina mnansi anabwera kudzanditenga kuti ndikamuthandize kutembenuza amayi ake opuwala. Ndinapita, ndinagwira gogoyo paphewa, manja anga n'kuterereka, mutu wake n'kugunda khoma. Sanavulale kwambiri. Koma mnansiyo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ba Esinati, yendani mukagone." Kuyambira tsikulo palibe anabweranso kudzanditenga.

Chimene chinkandidya si mitu isanu ndi inayi ija. Chinali chakuti amuna anga anandisiyira mawu, ine n'kuwakwirira ndi manja anga ndisanawerenge.

Mvula itatha, tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, ndinapezeka ndili kumanda. Ndinali nditamwa kuyambira m'mawa. Pansi pa mtengo panakhala bambo wina wachikulire wokumba manda, fosholo ili pambali, akudya chinangwa chootcha ndi mtedza. Ndinapita n'kuima patsogolo pake.

"Bambo, ndikufuna mundikumbire manda a amuna anga. Pang'ono chabe, mpaka pabokosi. Muli chinthu changa."

Sanadzidzimuke. Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi.

"Amai, mwamwa?"

"Ndamwa."

"Nkhalani pansi, mungagwele mumugodi. Takumba itatu lelo, yonse ili na bene bake."

Ndinakhala pa mulu wa dothi. Anathyola chinangwa n'kundipatsa, ndipo anadikira mpaka nditayamba kutafuna.

"Ni chani chamene chili mubokosi? Mphete? Ndalama?"

"Buku."

"Baibo?"

"Ayi. Limene tinalemba ine ndi iwo."

Ndinamufotokozera zonse, za madzi, za kompyuta, za sitolo. Anamvetsera akusenda mtedza. Nditamaliza anafunsa kuti tinaika liti malirowo. Ndinamuuza.

"Mvula yapita yonse pamwamba pake. Amai, pepa si fupa. Olo tikumbe, muzapeza chabe matika, matope okhaokha. Elo ise sitikumba popanda pepa ya kukhoti, mufuna banimange pa ukote wanga, ine nkhalamba?"

Ndinayamba kulira. Anandisiya ndilire. Kenako anati, "Iyo buku inali imodzi chabe pa chalo chonse cha pansi pano?"

"Ena anagula."

"Bangati?"

"Sindidziwa. A sitolo sanena."

"Koma banagula."

"Anagula."

"Manje abo bantu bali moyo, bali na makutu, bali na mafoni. Imwe mwabasiya, mwabwela kuvutitsa uyu wamene sangakuyankheni. Ine zaka zonse izi nikalibe kuonapo wakufa abweza chinthu. Yendani mukafunse bamoyo."

Anatola fosholo yake n'kupita, chifukwa kunali kubwera galimoto ya maliro.

Ndinakhalabe pamenepo nthawi ndithu. Miyezi yonse ija maso anga anali pa malo awiri okha, sitolo ndi manda, ndipo onse awiri anali otseka. Sizinandifikepo m'mutu kuti buku logulidwa limakhala m'nyumba ya munthu, ndipo a sitolo sangalowemo kukalichotsa. Ndinapita pamanda a aPhiri, ndinazula udzu umene unamera, n'kubwerera kunyumba wapansi.

Mowa sunathe tsiku lomwelo, ndisakunamizeni. Ndinapita kwa amayi otsogolera gulu lathu kumpingo n'kuwauza ndi pakamwa panga kuti ndimamwa. Anati ankadziwa kale, ankangodikira kuti ndinene. Anakonza zoti m'mawa uliwonse mayi mmodzi azibwera kudzasesa nane ndi kumwa nane tiyi, chifukwa nthawi yanga yoipa inali ya m'mawa. Ndinagwanso kawiri. Kachiwiriko ndinapita ndekha kwa mayi wotcheza uja n'kumupempha pamaso pa makasitomala ake kuti akadzaona botolo langa azilibweza lopanda kanthu. Anaseka, koma anachita.

Kenako ndinayamba kufunsa amoyo. Ba Grace anandilembera uthenga waufupi wokhala ndi chithunzi cha chikuto, chimene chinatsala mu foni yawo. Tinautumiza m'magulu a pa foni a mipingo, a anamwino, a anthu akwathu okhala kunja. Ndinaimanso ndekha m'matchalitchi a ku Chawama, George ndi Mtendere nthawi ya zolengeza. Kunali kochititsa manyazi kunena kuti wolemba buku alibe buku lake, koma ndinanena. Podikira yankho, Lachitatu lililonse ndinkakhala pabenchi ya ba Grace n'kumayankhulanso mitu isanu ndi inayi ija, iwo akutaipa. Imeneyo inatuluka mosavuta, chifukwa inachokera m'kamwa mwanga momwemo.

Awiri anayankha kuti anali nalo pa foni koma silikutsegukanso bwino, ndipo sadziwa kulitulutsa. Mmodzi anati lake anabwereketsa, silinabwerere. Patapita miyezi inayi ndi pamene anaimba mayi wina wa ku Matero, bana Chanda. Mwana wawo ali kunja anawatumizira bukulo kuti azisamalira atate awo okalamba.

Ndinapita ndi ba Grace. Bana Chanda anatulutsa buku lakuda ndi manja, chikuto chomatidwa ndi selotepi, masamba ena othimbirira ndi phala. Ndinalilandira ndi manja awiri. Iwo anayamba kupepesa.

"Mutikhululukile mwandi. Batata bakoka fwaka, fodya wokulunga mu pepa. Siku ina pepa inabasila, banang'amba kumbuyo. Ninabakalipila, koma yabili inali yapita kudala."

Nkhalambayo inali gone pakhonde, ikumva zonse. Inakweza dzanja n'kunena kuti, "Pepa yabwino maningi, mayo. Siyizima."

Tonse tinaseka, ngakhale ine. Mapepala awiri otsiriza a mutu wakhumi anali atasanduka utsi. Ena onse analipo.

Ndinapempha kampando n'kukhala kuseri kwa nyumba yawo. Ndinawerenga ndekha, chala chili pamzere, mpaka dzuwa linapendeka. APhiri analemba kuti: "Mukamandisambitsa musamakambe za ine ngati ndatuluka. Ndilipo, ndikumva. Mbali imene simukutsuka muziifunda." Penanso analemba kuti: "Akazi anga amayesa kuti ndikatseka maso ndiye kuti ndagona. Sindigona. Ndimatseka kuti iwo apeze mpata wokhala pansi." Ndipo tsamba lotsiriza lotsala linathera pa mawu akuti: "Tsiku limene wodwala wanu adzakana phala, musamukalipire. Sakukana inu. Chimene mungachite tsiku limenelo ndi"

Pamenepo ndi pamene pang'ambika. Ine ndinawakalipira aPhiri tsiku limene anakana phala. Ndinawauza kuti akufuna kundisiya dala. Ndimanena zimenezi kulikonse kumene ndikuphunzitsa, kuti wina asadzachite ngati ine.

Bana Chanda sanalole kuti bukulo lichoke panyumba, chifukwa ankaligwiritsabe ntchito, ndipo ndinawamvetsa. Ba Grace anajambula tsamba lililonse ndi foni pomwepo, n'kukataipa. Atafika pong'ambika paja anati, "Ba Esinati, simungamalizile mweka? Munabaziba bamuna banu." Ndinakana. Mawu amenewo si anga. Tinasindikiza monga momwe alili, ndipo pansi pake tinalemba kuti mapepala awiri anatayika, amene ali ndi buku loyamba lathunthu atidziwitse. Mpaka lero sanapezeke.

A sitolo aja sindiwatcha akuba. Anatsata malamulo awo, amene aPhiri anavomera osandiwerengera, inenso osafunsa. A Lackson anadzasaina mapepala patapita chaka, titatumiza a sitolo anatiuza kuti pakusowanso chidindo china. Nkhaniyo idakali pomwepo, ndipo ndinaleka kuidikira. Cholakwa chathu chinali kuyesa sitolo ngati nkhokwe. Sitolo ndi ya mwini wake. Akhoza kutseka Lachisanu lililonse, pa chifukwa chimene inu mukuchiona ngati ulemu.

Tsono inu amene muli ndi buku pamalo amodzi, mukafika kunyumba lero mukadzifunse kuti akaunti ili m'dzina la yani, ndipo munthu ameneyo akagona osadzuka, ndani adziwa potsegulira. Mukauze abale anu mukadali moyo kuti foni ndi kompyuta zisadzagawidwe buku lisanatulutsidwemo. Ine ndinaitana alamu anga ndi achemwali anga n'kuwauza zimenezi maso ndi maso, ndipo mawu achinsinsi otsegulira ndinawalemba papepala lili kwa abusa mu envulopu. Ndipo musapatse munthu buku lanu lotsiriza, kaya wamoyo kaya wakufa.

Buku langa tsopano lili pa tifulashi titatu, tija tosungiramo za pakompyuta. Kamodzi kali kwa ba Grace, kena ku ofesi ya mpingo, kena kwa achemwali anga ku Chipata. Lapepala lili m'chidebe chotseka bwino, chopachikidwa kudenga kumene madzi safika. Amene amandisindikizira ndi bambo wina wa m'tauni, amene ndimadziwa khomo lake ndi nkhope yake. Pa intaneti lili m'masitolo awiri, m'dzina langa ndi nambala yanga, ndipo pamene anafunsa ngati ndilonjeza kugulitsa kwa iwo okha, ndinauza ba Grace adine pokana. Aliyense wogula m'manja mwanga ndimamupempha dzina ndi nambala ya foni, kuti ndidziwe nyumba zimene buku langa likugona.

Mowa ndinasiya, chaka chino n'chachiwiri. Anthu anayambanso kubwera kudzanditenga. Lolemba ndi Lachinayi ndimasamala odwala ku Kanyama ndi ku Kuku, Loweruka ndimanyamula mabuku khumi m'chikwama n'kukagulitsa m'mipingo, ndipo nyumba iliyonse imene ndalowa ndimawawerengera mutu wakhumi mpaka pamene unathera.